Ndaleka kudya Mgonero, ndimadziona wosayenera

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39 ndipo ndimakhala ku Emmasdale kuno ku Lusaka. Ndimapemphera mpingo wa Reformed, ndipo ndili m'Chigwirizano cha amayi. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Ndimadzuka 4 koloko m'mawa kukaoda katundu kumsika wa Soweto, madzulo n'kumasamalira apongozi anga aakazi amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndikagwada kuti ndipemphere, tulo timandigwira ndisanafike pa Ameni. Mu Januwale anzanga anasala kudya masiku 21, ine ndinamasula tsiku lachinayi chifukwa cha chizungulire. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndinatukwana mwana wanga wamkazi wa zaka 14 atapsereza ndiwo, mawu ake sindingawalembe pano. Chichitikireni zimenezi ndikavala yunifolomu ndimadziona wachinyengo, ndipo pa Mgonero wapitawu ndinangokhala kumbuyo osadya. Anzanga amaoneka olimba m'chikhulupiriro. Kodi Mulungu sanatope nane?

Mayi wothedwa nzeru, Emmasdale

Mwana wanga,

Mwamanga zinthu zitatu mtolo umodzi n'kuzitcha zonse machimo. Tiyeni timasule mtolowo, chifukwa pa zitatuzo tchimo ndi limodzi lokha.

Tulo timene timakugwirani pogwada ndi ta munthu amene waimirira tsiku lonse, kenako n'kukanyamula munthu wamkulu, kumusambitsa ndi kumudyetsa. Werengani 1 Mafumu chaputala 19. Mneneri Eliya, atangochita zazikulu pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, nakagwa pansi pa kamtengo m'chipululu, mpaka kupempha kuti afe. Anagona. Mngelo atabwera sanamufunse chifukwa chimene wagonera osapemphera. Anamudzutsa, namupatsa mkate ndi madzi, namuleka agonenso, kenako n'kumudyetsanso kachiwiri. Za ntchito yake Mulungu anadzakamba naye pambuyo pake, atafika ku Horebu. Mulungu amene anachitira Eliya zotere amadziwa nthawi imene mumadzuka. Ngati usiku simutha, pempherani muli m'minibasi m'mawa, kapena pamene mukupukuta apongozi anu. Pemphero la mawu asanu la munthu wotopa limamveka.

Kusala kwa masiku 21 anthu anakutengera pa zimene anachita Danieli, ndipo ndi mwambo wabwino kwa amene angathe. Palibe lamulo lokakamiza Mkhristu aliyense kutero. Munthu wonyamula mabokosi a tomato dzuwa likuswa mtengo akamva chizungulire, ayenera kudya. Munachita bwino kumasula. Koma chizungulirecho mukachionetse kuchipatala, akakuyezeni magazi ndi shuga.

Tsono tibwere pa mwana. Apa munalakwa, ndipo sindikunyengererani. Mawu a mayi amakhalitsa mumtima mwa mtsikana wa msinkhu umenewo. Koma taonani zimene mwachita ndi kulakwako: mwadzilanga nokha pokhala kumbuyo m'tchalitchi, pamene mwana amene munamulasa sanalandire kanthu. Ngongole yanu ili kwa iyeyo. Ndikudziwa kuti m'makomo mwathu sitinazolowere kuti kholo lipepese mwana, ena amati ulemu utha. Ine ndaona ana ambiri akuyamba kulemekeza makolo awo tsiku limene anamva mawu akuti pepa kuchokera kwa iwo. Muitaneni muli awiri, mutchule zimene munanena, mumuuze kuti sizinali zoona ndipo simunayenere kuzinena. Za ndiwo zopsererazo musazitchule n'komwe. Mukatero ululani kwa Mulungu kamodzi, ndi mtima wonse, ndipo musabwererenso kukafukula zimene Iye wakwirira. Inu mukapeza tomato mmodzi wophwanyika simutaya bokosi lonse. Bwanji mukudzitaya nokha?

Za Mgonero ndikuyankhani ndi chiphunzitso cha mpingo wanu womwe. Katekisimu wa Heidelberg, amene analembedwa m'chaka cha 1563 ndipo mipingo ya Reformed imamugwiritsabe ntchito, pa funso 81 amafunsa za anthu oyenera kufika pa gome la Ambuye. Yankho lake limatchula anthu amene machimo awo amawanyansa, komabe amakhulupirira kuti akhululukidwa chifukwa cha Khristu, ndipo amafuna kukonza moyo wawo. Amene amachenjezedwa ndi osalapa ndi onyenga. Munthu wachinyengo salemba kalata ngati yanuyi, mwana wanga, amagona tulo tabwino. Pa funso 114 katekisimu yemweyo amavomereza kuti ngakhale oyera mtima koposa, pa moyo uno amangoyamba pang'ono chabe kumvera malamulo a Mulungu. Amayi amene mumawaona olimba aja ali m'gulu lomwelo. Inu mumaona yunifolomu zawo zosita bwino pa tsiku la Chigwirizano, za m'nyumba zawo simuziona.

Matenda anuwa ndi akale. Martin Luther ali mmonke ku Germany ankatha maola ambiri akuulula tizolakwa ting'onoting'ono, mpaka mkulu wake Johann von Staupitz anamulangiza kuti aleke kudzifufuza kosalekeza, ayang'ane kwa Khristu wopachikidwa. Mtendere anaupeza atamvetsa, powerenga kalata ya Paulo kwa Aroma, kuti munthu amalandiridwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro. Kumbukiraninso Petro. Anakana Ambuye wake katatu usiku umodzi, koma pa Yohane 21 Yesu anamukonzera nsomba ndi mkate m'mbali mwa nyanja, namupatsanso ntchito yoweta nkhosa zake.

Pali chimodzi chimene simunandifunse koma ndichinena. M'kalata yonse simunatchule amuna anu kapena abale awo. Amene akudwalawo ndi mayi wawo. Katundu ameneyu wagwera inu ndi kamtsikana ka zaka 14, ndipo mkwiyo wa tsiku lija unachokera pamenepo. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba, aitane azichemwali ndi azichimwene awo, mugawane masiku kapena asonkhe ndalama ya wothandiza. Amayi a Chigwirizano amayendera odwala, imeneyo ndi ntchito yawo. Auzeni kuti kwanu kuli wodwala, ndipo muwalole alowe ngakhale m'nyumba musanasese.

Mukaona kuti mtima ukupitirira kulemera kwa milungu iwiri kapena kuposa, chakudya sichikulowa, mukungolira, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kufa, musadikire. Chipatala cha Matero Level One chili pafupi nanu, ndipo kuchipatala cha Chainama kuli akatswiri a matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutsutsana ndi pemphero.

Lankhulani ndi mwana wanu sabata ino. Kenako mukaonane ndi abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, mukamuuze zimene mwandiuzazi. Mgonero ukadzalengezedwanso, valani yunifolomu yanu, mupite kutsogolo mukadye. Mudzandilemberenso kundiuza mmene mwayendera ndi mtsikanayo.

Ndine Azakhali anu