Kompyuta Imadziwa Bwanji Kuti Madzulo Anthu Achuluka?

Mukatsegula Netflix n'kuyamba kusaka filimu, amene amakuyankhani ndi makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, omwe kampaniyi imachita lendi ku Amazon Web Services. Kuchita lendi makompyuta kudzera pa intaneti kotereku ndiye cloud ija mumamva.

Mutu umakula pa chiwerengero. Maseva akachepa, anthu akadzadza madzulo zonse zimaima. Akachuluka, mukulipira makina ongokhala. Komanso seva yatsopano sidzuka pompopompo, imatenga mphindi zingapo.

Apa m'pamene pamafunika kulosera. Mu 2018, Amazon inayambitsa predictive scaling, njira yodalira machine learning. Pulogalamuyi imaunika mmene maseva agwirira ntchito m'masiku mpaka 14 apitawo, n'kuphunzira zimene zimabwerezabwereza, monga ola limene anthu amachuluka komanso kusiyana kwa Lolemba ndi Loweruka. Kenako imalosera maola 48 akubwerawo, n'kuyatsiratu maseva khamulo lisanafike.

Palibe zamatsenga apa, anthufe timangokonda chizolowezi basi. Koma kukabuka nkhani yadzidzidzi imene pulogalamuyi sinaionepo, kulosera kuja kumaphonya. N'chifukwa chake mainjiniya amasungabe njira yachiwiri, yowonjezera maseva ntchito ikangokula, ngakhale imachedwerapo.