Cisumbu ndi Cipululu

Aphunzitsi kapena makolo awerengere ana phunziroli pang'onopang'ono. Ana amvetsere, ayankhe, kenaka acite nchito zili kumapeto.

Tiyambe ndi ndagi

Ndagi! Gize!
Madzi kutsogolo, madzi kumbuyo, madzi kumanja, madzi kumanzere, koma ine ndili pouma. Ndine yani?
Ndine cisumbu.

Ndagi! Gize!
Mcenga ndili nawo wambiri. Dzuwa limandiwocha tsiku lonse. Mvula imandiiwala. Ndine yani?
Ndine cipululu.

Ana inu, lero tiphunzira za malo awiri akutali. Malo oyamba ndi cisumbu cacing'ono cochedwa Tristan da Cunha. Malo aciwiri ndi dziko lalikulu la Namibia, komwe kuli cipululu. Malo onse awiri ali ndi anthu ocepa. Cifukwa ciyani? Mvetserani bwino, yankho mulipeza.

Cisumbu ca Tristan da Cunha

Cisumbu ndi malo ozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Pa nyanja ya Niassa pali cisumbu ca Likoma. Munthu ali pa Likoma amaona mapiri a kumtunda kuno. Koma cisumbu ca Tristan da Cunha cili pakati pa nyanja yaikulu yamcere ya Atlântico. Munthu ali kumeneko saona dziko la Africa ngakhale pang'ono.

Dzinali lidacokera kwa woyendetsa zombo wa ku Portugal, Tristão da Cunha. Iye adaona cisumbuci m'caka ca 1506. Sadatsikepo cifukwa mafunde adali aakulu. Padalibe munthu wokhalapo. Anthu adayamba kukhazikika pamenepo patapita zaka zoposa 300.

Lero pa cisumbuci pali anthu pafupifupi 250. Onse amakhala m'mudzi umodzi. Dzina la mudziwo ndi Edinburgh of the Seven Seas. Anthuwo amalankhula Cingelezi. Ali ndi sukulu imodzi ndi cipatala cimodzi. Ali yense amadziwa mnzake dzina.

Pakati pa cisumbu pali phiri lalitali mamita 2,062. Phirilo latenga malo ambiri. Malo athyathyathya omangapo nyumba ndi olimapo ndi ocepa. N'cifukwa cake mudzi ndi umodzi basi.

Ku Tristan kulibe bwalo la ndege. Wofuna kupita kumeneko amakwera sitima ya pamadzi ku Cape Town, m'dziko la South Africa. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 2,800. Ulendowo umatenga masiku 6 kapena kuposa. Sitima sizifika kawirikawiri. Shuga, ufa ndi mankhwala zimadikira sitima. Munthu akadwala kwambiri, amamutengera ku Cape Town pa sitima.

Mvula imagwa masiku ambiri pa caka. Madzi akumwa alipo okwanira. Anthu amalima mbatata ya kacewere, ngati ija ya ku Angónia. Amaweta ng'ombe ndi nkhosa. M'nyanja amagwira lagosta, zomwe zimafanana ndi nkhanu, ndipo amazigulitsa kumaiko akunja.

Nthaka ya pa cisumbu ndi ya anthu onse pamodzi. Banja silikhala ndi ng'ombe zambirimbiri monga lingafunire. Pali lamulo la ciwerengero ca ziweto, kuti msipu usathe.

Tsiku lomwe moto udatuluka pansi

M'mwezi wa Outubro, caka ca 1961, nthaka idagwedezeka. Pansi padang'ambika pafupi ndi mudzi. Padatuluka utsi, moto ndi miyala yosungunuka. Anthu onse, akulu ndi ana, 264, adathawa pa mabwato. Adapita pa kacisumbu kena kapafupi kochedwa Nightingale. Kucokera pamenepo sitima idawatengera ku Cape Town, kenaka ku England.

Ku England adapeza magalimoto, masitolo aakulu ndi anthu ambiri. Koma mitima yawo idatsala kwawo. Moto utazima, ambiri adapempha kubwerera. M'caka ca 1963 adakweranso sitima. Adapeza fakitale ya lagosta itakwiririka ndi miyala, koma nyumba zambiri zidalipo. Adakonza nyumbazo nayambanso kulima.

Akuluakulu amati: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Dziko la Namibia

Tsopano ticoke pa cisumbu. Tiyende pa nyanja yomweyo ya Atlântico, tilunjike kum'mawa ndi kumpoto, mpaka tifike ku Africa. Tafika pa gombe la Namibia. Tikuona ciyani? Tikuona mcenga wokhawokha. Ici ndi cipululu ca Namib. Cipululu ndi malo ouma, komwe mvula imagwa yocepa kwambiri.

Ku Namib kuli mapiri a mcenga. Ena ndi aatali kuposa mamita 300. Mphepo ndiyo imaunjika mcengawo. Kugombe kumeneko caka cingathe mvula osagwa. Kum'mawa kwa dzikoli kuli malo ena ouma ochedwa Kalahari.

Namibia ndi dziko lalikulu kuposa Moçambique pang'ono. Koma pa kalembera wa 2023 adapeza anthu 3 miliyoni okha. Kwathu kuno, pa kalembera wa 2017, cigawo ca Tete cokha cidali ndi anthu oposa 2 miliyoni ndi theka.

Anthu ambiri a ku Namibia amakhala kumpoto, komwe mvula imagwako. Ena amakhala mumzinda waukulu wa Windhoek. Kumpotoko amalima mcewere, womwe iwo amati mahangu. Ufa wake amaphikira cakudya cofanana ndi nsima yathu. Amawetanso ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ambiri amalankhula Oshiwambo. M'cilankhulo cimeneco munthu amati omuntu. Mwamva kufanana kwake?

Mitsinje yambiri ya pakati pa dzikoli imakhala youma. Imayenda mvula ikagwa basi. Mitsinje yosaphwa ili kumalire: Orange, Kunene, Okavango ndi Zambeze. Inde, Zambeze wathu yemweyu! Madzi ake amadutsa pa tauni ya Katima Mulilo ku Namibia, amadzafika ku Cahora Bassa, kenaka ku Tete.

Ku Windhoek madzi ndi osowa. Kuyambira m'caka ca 1968, mzindawu umasefa madzi omwe anthu agwiritsa kale nchito. Amawayeretsa ndi makina mpaka akhale abwino kumwa.

Zamoyo za m'cipululu

Kodi m'cipululu muli zamoyo? Zilimo, ndipo ndi zocenjera.

M'mawa, nkhungu imacokera kunyanja n'kulowa m'cipululu. Cikumbu cina cakuda cimakwera pamwamba pa phiri la mcenga. Cimaweramitsa mutu pansi, n'kukweza thako m'mwamba. Nkhungu imasanduka timadontho pamsana pake. Timadonthoto timatsikira kukamwa. Cikumbu camwa!

Kulinso comera cochedwa welwitschia. Cimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse. Masambawo amakulabe, amang'ambika ndi mphepo, n'kuoneka ngati ambiri. Comeraci cingakhale zaka zoposa 1,000.

Zikufanana pati? Zikusiyana pati?

Tristan ndi yaing'ono. Namibia ndi yaikulu.
Ku Tristan mvula ndi yambiri. Ku Namibia mvula ndi yocepa.
Ku Tristan malo olima ndi ocepa. Ku Namibia malo alipo, koma madzi ndi ocepa.
Ku Tristan anthu amapita pa sitima ya pamadzi yokha. Ku Namibia amapita pa galimoto, pa ndege ndi pa sitima.
Tristan ili m'manja mwa dziko la Britain. Namibia imadzilamulira yokha.

Namibia idalamulidwa ndi Germany, kenaka ndi South Africa. Idalandira ufulu pa 21 Março 1990. Pulezidenti woyamba adali Sam Nujoma. M'caka ca 2025 dzikoli lidakhala ndi pulezidenti woyamba wamkazi, Netumbo Nandi-Ndaitwah.

Nanga zikufanana pati? Malo onse awiri ali pa nyanja ya Atlântico. Konse kuwiri anthu ndi ocepa. Konse kuwiri anthu amasamala comwe cili cosowa. A ku Tristan amasamala nthaka ndi msipu. A ku Namibia amasamala madzi.

Tsopano yankho la funso lija talipeza. Munthu amamanga nyumba pomwe pali madzi akumwa ndi nthaka yolima. Cimodzi cikasowa, anthu amacepa.

Tiwerenge ndi timiyala

Tulukani panja. Jambulani mabwalo atatu ofanana kukula pa dothi. Bwalo lili lonse likuimira malo a kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi. Kamwala kali konse ndi munthu mmodzi.

M'bwalo loyamba ikani timiyala 3. Iyi ndi Tristan.
M'bwalo laciwiri ikani timiyala 4. Iyi ndi Namibia.
M'bwalo lacitatu ikani milu 4 ya timiyala khumikhumi. Iyi ndi Moçambique.

Ndi bwalo liti ladzaza? Ndi mabwalo ati akufanana? Timiyala 3 kuphatikiza timiyala 4 ndi tingati?

Yankhani pakamwa

1. Cisumbu n'ciyani?
2. Anthu amapita bwanji ku Tristan da Cunha?
3. Cidacitika n'ciyani pa cisumbuci m'caka ca 1961?
4. Cifukwa ciyani anthu adabwerera kwawo?
5. Ndi mtsinje uti umadutsa ku Namibia ndi ku Tete?
6. Cikumbu ca m'cipululu cimamwa bwanji madzi?
7. Kwanu madzi mumatunga kuti? Amaphwa mwezi uti?

Tiwerenge ndi kulemba

ca ce ci co cu
ci su mbu: cisumbu
ci pu lu lu: cipululu
ci ku mbu: cikumbu
mce nga: mcenga

Ombani m'manja pa phatikizo lili lonse. Cisumbu mwaomba kangati? Cipululu mwaomba kangati?

Lembani m'kope mwanu:
Cisumbu cili pa madzi.
Cipululu cili ndi mcenga.
Ine ndimasamala madzi.

Jambulani cisumbu cokhala ndi phiri pakati. Pambali jambulani phiri la mcenga ndi cikumbu pamwamba pake.

Tinene m'Cipwitikizi

cisumbu: ilha
cipululu: deserto
madzi: água
mcenga: areia
mvula: chuva
phiri: montanha

Nenani mawu ali onse katatu, motsatira aphunzitsi.

Kwa makolo ndi abale

Mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge yekha phunziro lonseli. Muwerengereni madzulo, gawo limodzi pa tsiku. Mukatha, mufunseni akufotokozereni m'mawu ake. Akalakwitsa, musamuseke. Bwerezani gawolo.

Manambala aakulu ali m'phunziroli ndi a inu akuluakulu. Mwana agwire zinthu zitatu izi: cisumbu n'ciyani, cipululu n'ciyani, ndi cifukwa cake anthu amakhala pafupi ndi madzi ndi minda.

Nkhani ya madzi ndi yathunso. M'caka ca 2024 kudagwa cilala ku Namibia, ndipo boma la kumeneko lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Cilala comweco cidaumitsa cimanga m'madera ambiri a Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi pakati pa Moçambique. Kambiranani ndi mwana za caka cimeneco monga mudacionera kwanu.

Mawa m'mawa pitani naye ku citsime, ku mjigo kapena ku mtsinje. Awerenge zidebe zomwe banja limatunga pa tsiku. Muonetseni madzi ophikira, osamba, ocapira ndi omwetsa ziweto. Mufunseni kuti ndi madzi ati angagwirenso nchito kaciwiri. Madzi otsukira ndiwo zamasamba angathirire mtengo wa papaya.

Agogo amufotokozere cifukwa cake mudzi wanu udamangidwa pamalo pomwe ulipo. Kodi padali kasupe? Padali dambo? Padali nthaka yabwino? Ngati banja lidacokapo pa mudzi nthawi ya nkhondo kapena ya njala n'kubwereranso, afotokozenso zimenezo, monga mwana angathe kumva.

Mwana abweretse ku sukulu zinthu ziwiri: ciwerengero ca zidebe za madzi, ndi dzina la mtsinje kapena citsime ca kwanu. Tidzazilemba pa bolodi.