Mtsinje Uno Uli ndi Eni Ake

Ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, akazi ambiri apabanja anabwera ndi ukwati. Ena anachokera ku Petauke ndi ku Katete, ena anawoloka kuchokera ku Zumbo, ku Mozambique, kapena ku Kanyemba, ku Zimbabwe. Kwawo n'kutali, choncho mbale wawo ndi mnzawo wa kudooko, wa m'chilimba (gulu losonkherana ndalama) ndi wa kutchalitchi.

Mtsikana wina wa ku Katete anakwatiwa ndi wogulitsa nsomba wa m'dera la Mfumu Mphuka. Atangofika, amayi a m'mudzimo anadzamulonjera ndi ufa, nsomba zouma ndi masau. Wachikulire wina, amene nayenso anabwera ndi ukwati kalekale, anati: "Mwanawe, mawa tipitire limodzi kumadzi. Mtsinje uno uli ndi eni ake."

Mtsikanayo anangoseka. Chilankhulo chawo cha Chikunda ankati n'chosamveka, chilimba ankati ndi bwalo la miseche, ndipo pamaliro ankangosuzumira n'kubwerera. "Ine ndinatsata mwamuna, osati chigulu," ankatero.

Mu Okutobala, mwamuna anawolokera ku Zumbo kukapikula nsomba. Dzuwa likuswa mtengo, mtsikanayo ankasenza zovala n'kupita yekha pamalo a zii, m'mbali mwa mabango, kuthawa phokoso la amayi aja. Sankadziwa chifukwa chake iwo amachapira pamodzi, pamchenga poyera: ng'ona imabisalira pamadzi akuya ndi odekha, ndipo imasunga malo amene munthu wazolowera kufikapo. Tsiku lachitatu inamugwira dzanja.

Amene anamva kukuwako ndi amayi omwe aja. Anathamanga ndi nkhafi ndi miyala mpaka ng'ona inamutaya. Ndalama za chilimba chomwe ankachinyoza ndizo zinalipira galimoto yopita kuchipatala cha mishoni ku Katondwe. Anapulumuka, koma dzanja analidula. Mayi ake anafika patapita masiku anayi, n'kupeza amayi a m'mudzi aja akusinthana kumudikirira, kumusambitsa ndi kumuphikira phala.

Inu amene ukwati wakutengerani kutali, mwamuna ndi munthu mmodzi, ndipo amachokapo. Funsani kumene kuli dooko, lowani chilimba, phunzirani moni wa eni dera, ndipo pamaliro khalani mpaka kumanda. Nanunso eni mudzi, mlendo akakukanani kamodzi, pitaninso kawiri. Safunsa anadya phula.