Thanthwe limene madzi amadya

Ana inu, mwala wotuwa umene ndauika patebulowu dzina lake ndi dolomite. Ndiwo wayala pansi pa mafamu ambiri ozungulira Chinhoyi, kuno ku Mashonaland West. Musausokoneze ndi granite, mwala wa zitunda zija zooneka ngati zochita kusanja. Granite inali thanthwe losungunuka ndi moto wa pansi pa dziko, kenako inazizira. Dolomite inabadwira m'madzi.

Zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo, kuno kunali nyanja yosaya. Kunalibe nsomba, kunalibe mtengo, koma tizamoyo tosaoneka ndi maso. Matope a laimu ankadikha pansi pa nyanjayo, ena pamwamba pa anzake monga mikeka younjika, mpaka anatsenderezana n'kuuma gwa. Akatswiri amatcha miyala imeneyi Lomagundi Group. Kunsi kwake kuli ina yakale kuposa iyi, ya Deweras, imene inali ndi mkuwa umene agogo a ena mwa inu, ochokera ku Nyasaland, ankakumba ku Mhangura. Mu 1976, Manfred Schidlowski wa ku Germany ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapima kaboni wa mu dolomite yathuyi, ndipo lero dzina loti Lomagundi likuphunzitsidwa m'mayunivesite akutali, pamene ife timangoupondaponda mwalawo popita kudamu.

Tsono tcherani khutu. Mvula ikamagwa ndi kulowa m'nthaka imatenga mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka asidi wofooka. Asidiyo sachita kanthu kwenikweni pa granite, koma dolomite amaisungunula pang'onopang'ono. Motero mng'alu wa m'mwalawo umakula n'kukhala ngalande, ngalande n'kukhala phanga. Denga la phanga likalephera kudzisenza limagwa. Ndimo linapangikira dzenje lalikulu la ku Chinhoyi Caves, kumene kuli dziwe la madzi abuluu la Chirorodziva, limene madzi ake amakhala pa madigiri 22 chilimwe ndi chisanu chomwe.

Ndiye chifukwa chake mjigo wa pa dolomite ukalasa mng'alu wabwino umatha kuthirira tirigu nyengo yonse yachisanu, pamene wa pa granite kawirikawiri umangokwanira pakhomo. Koma njira yomwe madzi amatsikira mwachangu ndi yomwenso zonyansa zimadzera, chifukwa m'ngalande mulibe mchenga wosefa. Kutsukira sipuleya ya mankhwala a fodya pafupi ndi dzenje lotitimira, kapena kukumba chimbudzi pafupi ndi mjigo, ine ndimakuyesa kusasamala kwenikweni.

Mawa aliyense abwere atafunsa kwawo kuti mjigo wa pakomboni pawo uli mapazi angati kuchokera pachimbudzi choyandikira.