Malamulo a m'kalasi: zoti makolo a ana a Sitandade 5 mpaka 8 adziwe



Ena adabwa kuti nkhani ya ku pulaimale ikufuna chiyani m'kalata ya sukulu ya sekondale. Chifukwa chake n'chakuti ana amene tidzawalandire mu Fomu 1 zaka zikubwerazi panopa ali mu Sitandade 5 mpaka 8 ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ndipo ambiri ndi ang'ono awo a ophunzira athu omwewa. Mwana akamafika pano amakhala atazolowera kale kuchedwa kapena kusunga nthawi, kulemba notsi kapena kungoyang'ana pa bolodi. Paja kuwongola mtengo m'poyamba.

Pofika Sitandade 5, maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, ndipo kumapeto kwa Sitandade 8 kuli mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, amene zotsatira zake ndi zomwe boma limasankhira ana opita ku sekondale. Zaka zinayi zimenezi mwana sangazidutse ndi nzeru zokha. Malamulo ang'onoang'ono a m'kalasi ndi amene amamusunga, ndipo ambiri mwa malamulowo amasungika kapena kusweka pakhomo, mwana asanafike n'komwe pa geti.

Tiyambe ndi belu. M'sukulu zambiri maphunziro amayamba 7:30, ndipo nthawiyo isanakwane ana amakhala atasesa ndi kuima pa asembule. Mwana wochedwa ndi mphindi 15 tsiku lililonse amataya mphindi 75 pa sabata, zomwe ndi mapiriyodi awiri athunthu. Mphunzitsi wa kalasi ya ana oposa 100 sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mmodzi amene walowa samu ili pakati. Chodabwitsa n'chakuti m'makomo mwathu timadzuka m'mamawa kuposa anzathu ambiri chifukwa cha swala ya Fajr. Nanga nthawi imathera kuti? Imathera pa mzere wa pa kiyosiki ya madzi, pa mbale za dzulo, pokasiya mandasi kumsika, pofunafuna sokosi imodzi. Ndipo kawirikawiri amene amasenza zonsezi ndi mtsikana, mchimwene wake atanyamuka kale. Madzi atungidwe madzulo, ntchito zigawidwe kwa ana onse, ndipo yunifomu ndi chikwama zikonzedwe usiku ikatha swala ya Isha.

Lamulo limene tikufuna tichedwepo ndi la makope. Phunziro lililonse likhale ndi kope lake, ndipo ntchito ya tsiku lililonse iyambe ndi deti ndi mutu. Ana amaliona ngati lamulo longovutitsa, koma taganizani: kumene buku limodzi amagawana ana angapo ndipo silipita kunyumba, kope ndilo buku lokhalo limene mwana adzawerenge pokonzekera mayeso. Mwana wosakaniza masamu, sayansi ndi Chingerezi m'kope limodzi amakhala ngati wathira mchere, shuga ndi ufa m'thumba limodzi. Zonse zilimo, koma palibe chimene angatapemo.

Apa ndi pamene kholo lili ndi mphamvu, ngakhale kholo limene silidziwa Chingerezi. Deti ndi manambala, ndipo aliyense amene amawerenga ndalama angaliwerenge. Tsegulani kope. Kodi deti lomaliza ndi la lero? Ngati madeti alumpha kuchoka Lolemba kufika Lachinayi pamene mwana ankachoka pakhomo tsiku lililonse atavala yunifomu, pali malo ena amene ankathera, mwina ku vidiyo, mwina ku mpira. Kodi muli cholembera chofiira cha mphunzitsi? Ngati masamba akudutsa opanda chizindikiro, n'kutheka kuti mwana sapereka kope lake pamene anzake akusonkhanitsa. Ngati muli mitanda, kodi pansi pake walembanso zokonza? Mtanda si wochititsa manyazi. Choopsa ndi mtanda umene mwana sanabwererepo. Kuona zonsezi sikutha mphindi zisanu. Tipemphenso kuti makope a chaka chatha asasanduke zokulungira zitumbuwa kapena zoyatsira mbaula, chifukwa mafunso a PSLCE amachokeranso m'makalasi am'mbuyo.

Za kujomba tinena mwachidule. Maphunziro a pulaimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulaimale. Mwana akadwala kapena pakagwa zovuta, dziwitsani mphunzitsi wa kalasi tsiku lomwelo, ndipo akabwerera akopere notsi kwa mnzake lisanathe tsiku. Atsikana ena a msinkhu umenewu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse osanena chifukwa. Amayi, musadikire kuti mwana ayambe ndiye kulankhula. M'sukulu zambiri muli gulu la amayi limene ntchito yake ndi imeneyi.

Ana athu ambiri ali ndi sukulu ziwiri, ya m'mawa ndi madrasa masana. Zonse n'zofunika, koma tsiku silitalika. Mwana akaweruka n'kudya, n'kupita ku madrasa, n'kubwerako dzuwa litapendeka, homuweki imagwera usiku, nthawi imene magetsi amakonda kuzima ndipo maso alemera. Apa tikupempha a komiti ya mzikiti akhale pansi ndi maustazi kuti ana a Sitandade 7 ndi 8 azitsala ndi ola limodzi kukadawala loti alembe ntchito ya kusukulu. Za Lachisanu nazonso zisamasiyidwe m'manja mwa mwana. Mnyamata akangosowa m'kalasi pa buleki n'kumati wapita ku Jumu'ah, mphunzitsi amamulemba kuti wathawa, ndipo salakwa. Makolo ndi komiti akaonane ndi mphunzitsi wamkulu kumayambiriro kwa teremu, agwirizane nthawi yotulukira, ndipo mwana azidziwa kuti notsi zimene waphonya ndi ngongole yake.

Pa yunifomu, nkhani ya hijabu inavuta m'mbuyomu mpaka sukulu zina kutsekedwa ku Balaka mu 2019. Mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu. Mbali yathu ndi kusunga zimenezo: mtundu umene sukulu yanena, yochapa bwino, osati ya maluwa ya pa chikondwerero cha Eid.

Lamulo losamba m'manja pochoka kuchimbudzi ndi musanadye lisaoneke ngati la ana a Sitandade 1. Mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera. Mwana azinyamula botolo lake la madzi abwino, ndipo ndalama ya pa buleki isathere pa zakudya zosavindikira za pa geti, makamaka nyengo ya mvula.

Mwana akaswa lamulo n'kupatsidwa chilango chosesa kapena kutola zinyalala, musathamangire kumuikira kumbuyo musanamve mbali ya mphunzitsi. Koma akabwera ndi mabala, kapena akamathera mapiriyodi ali panja ndi khasu anzake akuphunzira, imeneyo ndi nkhani yofunika kuitsata. Musalowe m'kalasi kukakalipira mphunzitsi pamaso pa ana. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi pa nthawi yopuma. Zikakanika pitani kwa mphunzitsi wamkulu, kenako ku komiti ya sukulu kapena ku PTA.

Inu ophunzira athu a Fomu 1 mpaka 4 amene muli ndi ang'ono anu m'makalasi amenewa, ntchito ya sabata ino ndi iyi: tengani kope la masamu la mng'ono wanu, muwerenge madeti a masabata awiri apitawa, mupeze samu imodzi imene analakwa ndipo muikonze naye limodzi. Lolemba tidzakufunsani kuti inali samu yanji.