Phunziro kwa Ofuna Ntchito: Kuyankha Funso Lokhudza Mkulu Wosapereka Bwino Uthenga

Chikhazikitsire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi Lamulo la Maboma Ang'ono m'chaka cha 1998, ntchito zambiri za zaumoyo, maphunziro, ulimi ndi chitukuko cha m'madera zimayenda kudzera m'makhonsolo. Achinyamata a m'boma la Dedza amene akufuna ntchitozi amakaonekera pamaso pa magulu ofunsa mafunso, kaya a Local Government Service Commission, Health Service Commission, Teaching Service Commission kapena a mabungwe omwe si aboma. Mwa mafunso omwe amabwera pa intavyu, lilipo limodzi lomwe limapunthwitsa ngakhale anthu a mapepala abwino. Limafunsidwa motere: "Fotokozani nthawi yomwe wokuyang'anirani sanakupatseni bwino uthenga. Munachitapo chiyani?"

Cholinga cha funsoli

Ambiri akamva funsoli amayesa kuti apatsidwa mpata wothira zonse zakukhosi. Koma amene akuyesedwa pa tsikuli si bwana wakaleyo, ndi wofunsidwayo. Gulu lofunsa limafuna kudziwa zinthu zitatu: ngati munthuyo amatha kupitiriza ntchito malangizo akakhala osakwanira, ngati amadziwa kufunsa mwaulemu ndi motsata njira zoyenera, ndiponso ngati amasunga mbiri ya anzake pamene iwo palibe. Pakati pa ofunsawo pamakhala nthawi zina mkulu wa nthambi yomwe wopambanayo adzagwiremo ntchito. Iye akamva bwana wakale akunyozedwa, amadziwa kuti mawa lidzakhala dzina lake.

Funsoli lili ndi tanthauzo lapadera m'boma lino. Uthenga wochokera pa Boma umadutsa m'manja ambiri usanafike kwa mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Mayani, Lobi, Linthipe kapena Bembeke. Wina amagwira ntchito kutsidya kwa mapiri, atatsika Khwekhwerere, ku Golomoti ndi Mtakataka. M'zigwa zina netiweki imavuta, ndipo m'dzinja misewu ya fumbi imaterera. Choncho wolemba ntchito amafuna munthu amene sangakhale manja lende chifukwa chakuti kalata yachedwa.

Mayankho atatu oyenera kupewa

Loyamba ndi lodzudzula. Wofunsidwa amatchula dzina la bwana ndi ofesi yake, n'kuwonjezera kuti anali waulesi kapena wodzikuza. Ngakhale zitakhala zoona, ofunsa alibe njira yomvera mbali inayo, ndipo chomwe chimawatsalira m'maganizo ndi mkwiyo wa wolankhulayo.

Lachiwiri ndi lokana. Wofunsidwa amati sanakumanepo ndi vuto lotere. Yankho ili limaoneka laulemu, koma limasiya ofunsa opanda chomupatsira malikisi, ndipo ndi ochepa amene angalikhulupirire.

Lachitatu ndi logonja. Wofunsidwa amati anangokhala chete poti bwana satsutsidwa. Ulemu kwa akulu ndi khalidwe labwino, koma pa ntchito ya chitukuko kukhala chete kumapweteketsa anthu a m'mudzi, omwe amatha kudikira tsiku lonse pansi pa mtengo msonkhano utasinthidwa kale. Akale anati safunsa anadya phula.

Kamangidwe ka yankho labwino

Yankho lolongosoka limakhala ndi magawo anayi, omwe aphunzitsi a za ntchito amawatcha njira ya STAR: momwe zinthu zinalili, udindo womwe wofunsidwa anali nawo, zomwe anachita, ndi zomwe zinatsatira. Magawo awiri oyambirira asapitirire ziganizo zitatu. Nthawi yambiri ipite ku gawo lachitatu, chifukwa ndi pomwe pali malikisi. Yankho lonse likwane mphindi ziwiri.

Pofotokoza vutolo, wofunsidwa anene chomwe chinasowa mu uthenga, osati khalidwe la munthu. Kunena kuti tsiku la msonkhano linasinthidwa ndipo uthenga sunamupeze m'nthawi yake n'kosiyana ndi kunena kuti bwana anali wosasamala. Chiganizo choyamba chikunena chochitika. Chachiwiri chikupereka chigamulo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha yankho la wofuna ntchito ya ulangizi wa zaulimi:

"Zikomo, a Wapampando. Pamene ndinali pa maphunziro oyeserera ntchito, akuluakulu ondiyang'anira anandituma pa foni kuti ndikalembe alimi a mbatata ya kachewere m'midzi itatu. Sanatchule ngati kunali kulemba alimi onse kapena a m'makalabu okha, ndipo pomwe ndimafuna kufunsa anali atalowa mumsonkhano wa tsiku lonse. Ndinawatumizira uthenga wachidule wobwereza momwe ndinamvera, ndi funso limodzilo. Podikira yankho, ndinalemba alimi onse koma ndinaika chizindikiro pa mayina a m'makalabu, kuti kaundula agwire ntchito mbali zonse. Madzulo anayankha kuti amafuna a m'makalabu, ndipo mndandanda unali wokonzeka kale. Sabata yotsatira ndinawapempha kuti Lolemba lililonse tizikhala mphindi khumi kuona ntchito za sabatayo, ndipo anavomera. Kuyambira pamenepo ndimabwereza malangizo polemba ndisanayambe ntchito."

M'yankhomu mulibe dzina la munthu kapena la ofesi. Bwana waonetsedwa ngati munthu wotanganidwa, osati woipa. Wofunsidwa wafunsa funso lolunjika, sanaimitse ntchito, wasiya umboni wolembedwa, ndipo wapereka njira yoti vutolo lisabwerezeke.

Mafunso otsatira

Ofunsa odziwa ntchito saimira pomwepo. Angafunse kuti wofunsidwa akanatani bwanayo akanapanda kuyankha. Apa m'pofunika kusonyeza kuti akudziwa makwerero a maudindo. Njira yoyamba ndi kubwerera kwa bwana yemweyo, pa awiri osati pagulu. Ikakanika, amafunsa wachiwiri wake kapena mnzake wokhalitsa pa ntchitoyo. Kupita kwa mkulu wapamwamba kumabwera pomalizira, makamaka pamene kuchedwa kungaike moyo wa anthu kapena chuma cha boma pachiswe, ndipo ngakhale pamenepo bwanayo adziwitsidwe. Mphunzitsi amayambira kwa mphunzitsi wamkulu asanafike kwa mlangizi wa sukulu za m'dera. Sathamangira kwa Bwanamkubwa. Kudandaulira pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook si njira yoyenera kuitchula ngati yankho.

Angafunsenso ngati wofunsidwayo analibe cholakwa chake. Yankho lanzeru limavomereza mbali yake moona mtima, monga kuti akanatha kufunsa funsolo foni isanadulidwe. Kuvomereza kotere sikuchepetsa malikisi, kumaonetsa kukhwima.

Kwa amene anasiyana ndi owalemba ntchito mosagwirizana, n'kothandiza kudziwa kuti Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito ufulu wopempha chikalata chosonyeza nthawi yomwe anagwira ntchito ndi udindo wake, ndipo chikalatacho sichiyenera kukhala ndi ndemanga pa kagwiridwe kake ka ntchito pokhapokha mwini wake atapempha. Milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito ili ndi malo ake, ku ofesi ya zantchito ndi ku khothi la Industrial Relations. Chipinda cha intavyu si bwalo lozengera milandu imeneyi.

Amene sanagwirepo ntchito yolipidwa

Wongomaliza kumene maphunziro asaope funsoli. Amene anaphunzitsapo moyeserera ali ku koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, kapena anachitapo ntchito ya kumunda ali ku koleji ya zankhalango ya ku Chongoni, anakhalapo pansi pa woyang'anira. Chimodzimodzi amene anadziperekapo mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, m'kalabu ya achinyamata kapena m'kalembera wa mtundu uliwonse. Chofunika n'chakuti nkhaniyo ikhale yoona, chifukwa yopeka imaphwasuka pa funso lachiwiri.

Ntchito yoyeserera

Wokonzekera intavyu alembe nkhani imodzi yotere m'magawo anayi aja. Akatha, afafanize dzina lililonse ndi mawu onse ofotokoza khalidwe la bwana, n'kuona ngati zotsalazo zikumvekabe. Kenaka aiyankhule mokweza pamaso pa mnzake, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, akuyang'ana wotchi. Pomaliza adzifunse ngati akanatha kunena mawu omwewo bwana uja atakhala m'chipindamo. Ngati sangathe, yankholo likufunika kulembedwanso.