Chiyankhulo ndi Kamba wa Paulendo: Phunziro la pa Sitima ya ku Nampula

Mawu Oyamba

Munthu akamakonzekera ulendo wakunja amaganiza za pasipoti ndi ndalama, za chiyankhulo n'kuiwala. Nkhani ino ikuonetsa kuti mlendo amadya ndi kugona malinga ndi mawu amene wanyamula. Zitsanzo zachokera pa ulendo umene ndidayenda ndi azakhali anga ochita geni, kuchoka kwathu ku Namitambo kupita ku Nampula m'dziko la Mozambique.

Kudutsa Malire

Njanji yochoka ku Nkaya idafika pa Nayuchi mu 1970, n'kulumikiza Malawi ku doko la Nacala. Kutsidya kwa malire ndi pa Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza "pakati pa nyanja", poti malowa ali pakati pa Chilwa ndi Chiuta. Kuyambira pamenepo Chingerezi chimene ndinkachidalira chidatha ntchito.

Malo Ogona

Tidafika ku Cuamba kutada, pamene sitima ya ku Nampula imanyamuka mbandakucha. Ndidafunsa anthu atatu m'Chingerezi, onse adangopukusa mitu. Azakhali adangoti "pensão", kutanthauza nyumba yogona alendo, kenaka "cama", ndipo mnyamata wina adatiperekeza. Apa tiphunzirepo kanthu: "cama" ndi kama yemwe uja timagonapo kumudzi. Chichewa chidabwereka mawuwa ku Chipwitikizi pamodzi ndi nsapato, mbatata ndi kalata. Choncho mlendo ayambe wayesa mawu obwereka amene ali nawo kale.

Chakudya

Mtunda wa makilomita pafupifupi 350 udatidyera tsiku lonse. Pa masiteshoni monga Mutuali, Malema ndi Ribáuè malonda amachitikira pazenera, sitima itangoima pang'ono. Posadziwa kuwerenga m'Chipwitikizi, ndidapereka ndalama yaikulu pogula nthochi, sitima n'kunyamuka ndisadalandire chenji. Safunsa adadyadi phula. Wapaulendo aloweze "quanto custa?" pofunsa mtengo, adziwe manambala, ndipo asinthiretu ma metical ang'onoang'ono.

Koma chidatidyetsa kwenikweni ndi Chilomwe. Azakhali atachiyankhula, amayi a Chimakhuwa amene tidakhala nawo adamva, poti ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale. Nane ndidatola mawu akuti "eshima", nsima, ndi "maasi", madzi. Pasanapite nthawi adatigawira chinangwa chophika, natilozera kogona kotsika mtengo ku Nampula.

Mawu Omaliza

Chipwitikizi chidatigulira chipinda, koma Chilomwe chidatipezera abale. Makolo a Alomwe ambiri a ku Chiradzulu adachokera ku Mozambique komweko, komabe achinyamatafe ku Namitambo timachita nacho manyazi chiyankhulochi, ati n'cha agogo. Ine ndidabwerako ndi manyazi ena: wophunzira za ziyankhulo kumasuliridwa ndi azakhali amene sukulu adalekera Sitandade 4. Tsopano patchuthi ndimakhala nawo pakhonde, kope lili m'manja.